Malamba a Ana Amene Sitinkawadziwa

Foni inalira tili m'munda wa mphesa, nthawi yodulira, zala zitauma ndi chisanu cha mu Julaye. A Manase, amuna anga, atangoona dzina pafoniyo anaponya sizasi pansi, anavula chipewa n'kuima njo ngati msilikali. Ndinadziwiratu kuti ndi alamu anga a Kalolaine, mlongo wawo wamkulu, akuimba kuchokera kwathu ku Ha'apai, kuzilumba za kutali pakati pa nyanja yaikulu. Palibenso munthu wina amene a Manase amamuvulira chipewa pafoni.

"Inde, achemwali. Inde. Loweruka. Inde."

Basi. Anabwezera foni m'thumba, anatola sizasi n'kupitiriza kudulira ngati palibe chachitika.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akutitumizira ana awiri. Atera ku Melbourne Loweruka la sabata ya mawa. Akuti tikawatenge tokha, tisawakweze basi."

"Ana a ndani?"

"Sananene."

"Aamuna kapena aakazi?"

"Foni imadukaduka. Kumamveka atambala okhaokha."

"Nanga ndi a zaka zingati? Akudzacheza kapena akudzakhala?"

"Iwe Suli, zonsezo ndikanawafunsa bwanji achemwali? Ndine wapolisi ine?" Anadula nthambi ziwiri, kenako anakumbukira. "Akuti wamng'onoyo amasanza m'galimoto."

Kwathu mwamuna sapanikiza mlongo wake ndi mafunso. Zimenezo ndimazidziwa, ndinakulira momwemo. Koma tsiku limenelo ndinalakalaka ndikanakwatiwa ndi munthu wopanda alongo.

Ine ndi a Manase tilibe mwana. Takhala kuno ku Robinvale zaka zoposa makumi awiri, tikuthyola mphesa chilimwe, tikudulira nthawi yozizira, nyumba ili zii. Kalekale, pamaliro a apongozi anga, alamu anandigwira dzanja n'kundiuza kuti, "Usadandaule, tsiku lina ndidzakupatsa wako." Ndinadikira, ndinatopa, ndinaiwala. Tsopano ndadutsa zaka makumi asanu, bondo limandivuta, ndiye pano awiri? Sindinkadziwa ngati ndisangalale, ndiope, kapena ndingopita kukagula matiresi.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi ndinamunong'oneza Meleane, mnzanga wa m'kwaya. Kumeneko kunali kulakwitsa. Tisanavundukule n'komwe mbale za zilazi ndi nkhumba muholo, mpingo wonse unali utamva.

"Ana? M'chiminibasi chanu chija?" anakuwa Meleane. "Apolisi akakuimikani pa Sea Lake mudzabwerako wapansi!"

Minibasi yathu ndi ya m'ma 1980. Inali yoyera. Ndi imene timanyamulira anzathu popita kuminda. Kutsogolo ili ndi malamba abwinobwino odutsa paphewa, koma kumbuyo kunali a m'chiuno okhaokha, ena atalowa pansi pa mipando kalekale pamodzi ndi magolovesi ong'ambika.

Meleane anati mwana aliyense wosakwana zaka zisanu ndi ziwiri amafunika mpando wakewake. Amayi abusa anati si zaka ayi, amaona msinkhu. Mwamuna wa Meleane, amene amayendetsa thiraki, anati onsewo akunama, chimene amaona ndi kulemera. Wina anati mwana aziyang'ana kumbuyo, wina anati kuyang'ana kumbuyo n'kumene kumasanzitsa. A Sitaleki, mkulu wa mpingo, anamenya tebulo.

"Ife tinakulira pamwamba pa lole ya kokonati! Tinafa?"

"Simunafe, koma munagwapo ndi mutu, tonse timaona," anayankha Meleane, amayi onse n'kufa ndi phwete.

Ndinatuluka muholomo ndili wosokonezeka kuposa mmene ndinalowera. Pofika Lolemba madzulo khonde lathu linali ngati sitolo. Aliyense anabweretsa mpando umene ana ake anasiya: waukulu ngati wa mfumu, wina wooneka ngati beseni, wina wopanda nsalu, wina wokhala ndi bisiketi youma m'kona.

A Manase anasankha umodzi, wa mtundu uja umangomukweza mwana kuti lamba wa galimoto amufike bwino. Anauika pampando wa kumbuyo, anakhazikapo thumba la anyezi, n'kulimanga ndi lamba wa m'chiuno.

"Ukuona? Nkhani yatha. Anthu amangokonda kukulitsa zinthu. Kwera tiyese."

Tinalowa kamsewu kafumbi ka kuseri kwa minda. Anaithamangitsa pang'ono n'kuponda buleki. Thumba lija linapindika pakati ngati munthu wodwala m'mimba, mutu wake unakamenya chitsulo cha mpando wakutsogolo, n'kuphulika. Anyezi anagubuduzika mpaka kumapazi athu. A Manase anazimitsa injini. Fumbi linatidutsa.

"Ameneyo akanakhala mwana wa achemwali," anatero ndi mawu otsika.

M'mawa mwake anakazula malamba awiri a paphewa m'galimoto yakufa ya a Sitaleki, n'kupita nawo kwa Enzo, Mtaliyana wa pagalaja amene wakhala akuiukitsa minibasi yathu zaka zonsezi. Enzo anawanyamula ndi zala ziwiri ngati makoswe akufa n'kuwaponya m'diramu la zinyalala.

"Amenewa dzuwa linawadya kale. Komanso taona." Anagogoda khoma la minibasi pakati pa mawindo. "Ichi ndi chitini cha nsomba, Manase. Ndikamanga bawuti apa, tsiku la ngozi lamba adzazuka ndi khoma lomwe. Ndipo ine lamulo silindilola. Pita ku Mildura kwa Raelene, ndiye ntchito yake."

Mayi Raelene anali wamfupi, wa imvi zometa, magalasi atapachika pachingwe. Anazungulira minibasi yathu akupukusa mutu, kenako anatsegula kumbuyo n'kuona mipando yonse ya pakhonde ija, imene tinabwera nayo kuti atisankhire. Ankautembenuza uliwonse n'kuyang'ana pansi pake.

"Uwu unatha ntchito zaka zapitazo. Uwu unachitapo ngozi, onani mng'alu. Uwu si wa m'galimoto n'komwe, ndi wodyetsera mwana patebulo. Yonseyi kudzala. Tsopano, anawo ndi a zaka zingati?"

Ndinayang'ana a Manase. A Manase anayang'ana tayala.

"Sitikudziwa," ndinatero.

"Ndi ana a ndani?"

"Athu," anatero a Manase.

"A alamu anga," ndinatero ine nthawi yomweyo.

Mayi Raelene anavala magalasi aja n'kutiyang'ana bwinobwino. "Tiyambirenso. Anawo ali kuti?"

"Akubwera pandege."

"Mayina awo?"

Ine ndi a Manase tinayang'anizana.

"Bambo, mayi, ine ndili ndi zidzukulu. Musandiuze kuti mukukatenga ana a eni amene simukuwadziwa ndi mayina omwe."

Ndinayesetsa kufotokoza za alamu, za foni yodukaduka, za atambala. Pamene ndinkafotokoza m'pamene nanenso ndinkamva mmene zikumvekera. Mwamwayi mayiyo anakhalapo ndi aneba ochokera kwathu, moti miyambo yathu ankaidziwako. Anapumira m'mwamba n'kutikokera mkati mwa galaja, kumene kunali mipando yatsopano pashelefu.

"Mverani. Akakhala wosakwana zaka zinayi, amafunika uwu, wokhala ndi malamba akeake, ndipo umakoledwa kumbuyo pa mbedza. Minibasi yanu ilibe mbedza. Pamafunika chitsulo chopingasa, chimene ndilibe pano, ndimaitanitsa ku Melbourne. Akakhala wa zaka zinayi kupita m'tsogolo, akhoza kukhala pa wokweza uwu, koma pokhapokha pali lamba wa paphewa. Minibasi yanu ilibenso ameneyo. Akakhala wamkulu ndithu, lamba yekha akwana. Ndiye ndipange ziti?"

"Zonse," anatero a Manase.

"Pofika Loweruka? Bambo, malamba okhawo ndiyenera kung'amba khoma, kuika zitsulo zochindikala mkati, injiniya abwere adzaone. Kafunseni kaye zaka."

Ndili pomwepo ndinazemba n'kupita kuseri kwa galaja, n'kuimbira Heilala, mdzukulu wa alamu amene amagwira ntchito m'sitolo ku Pangai, tauni ya kwathuko. Ine si mlongo wa munthu, ndikhoza kufunsa, bola alamu asamve.

"Heilala, mwanawe, kodi amene akubwera kunowa ndani?"

"Iii, simukudziwa? Ndi a Tupou!"

"Tupou uti?"

"Dikirani, kwabwera kasitomala. Ndikutumizirani chithunzi. Ali kumanzereko."

M'banja la amuna anga muli a Tupou atatu. Pali Tupou mpongozi wa alamu, amene ali ndi mapasa aamuna. Pali Tupou msuweni, amene ali ndi atsikana awiri akusekondale. Ndiye pali Tupou mwana womaliza wa alamu, kamnyamata koonda kamene tinakasiya kakukwera mitengo ya kokonati ulendo womaliza umene tinapita kwathu, kosakwatira.

Chithunzi chinabwera. Chinali cha Lamlungu la ana, banja lonse litavala zoyera pakhomo pa tchalitchi, anthu ochuluka ngati timu ziwiri za mpira. Kumanzere kwenikweni kunaima tianyamata tiwiri tofanana, mano akutsogolo atagweruka. Kumbuyo kwawo kunali chimunthu chimene wojambula anachidula mutu, chitanyamula kanthu kokutidwa m'nsalu.

"Mapasa!" anatero a Manase nditawaonetsa. "Ndinadziwa ine. Zaka zisanu, mwina zisanu ndi chimodzi."

"Mukutsimikiza?" anafunsa mayi Raelene, akukulitsa chithunzicho ndi zala. "Ine ndikuona ana ambirimbiri apa."

"Magazi anga ndimawadziwa, mayi."

Minibasi inagona ku Mildura masiku awiri. Anzathu a kumunda ankadzazana m'galimoto ya Meleane akutinena. Injiniya atabwera anagogoda pansi ndi kanyundo, n'kupeza dzimbiri pamalo pomwe bawuti wa m'munsi ankayenera kulowa, ndiye panafunikanso kuwotcherera. Ine usiku sindinkagona bwino. Ndinkayala mabedi awiri m'chipinda chimene tinkasungiramo makatoni, ndikudzifunsa ngati anyamata a msinkhu umenewo amasamba okha, ngati amayi awo avomera ndi mtima wonse, ngati ndidzawatche ana anga kapena alendo. Ndinagula majekete awiri ofanana. Ndinakawabweza poganiza kuti mapasa mwina amadana ndi zofanana. Ndinakawatenganso.

Lachisanu tinakaitenga. Malamba awiri atsopano akuda anali lende m'mbali mwa mawindo, mipando iwiri yokweza ili m'malo mwake. Mayi Raelene anationetsa podutsitsa lamba: paphewa, osati pakhosi, pantchafu, osati pamimba. Anawabwerezetsa a Manase mpaka anatuluka thukuta. Potsanzikana anandipatsa nambala yake.

"Mukakapeza zina, mundiimbire. Musakangoganiza nokha. Inu awiri mukaganiza nokha ndimachita mantha."

Tinanyamuka Loweruka kusanache, ndipo tinafika pabwalo la ndege dzuwa litakwera. Tinaima pakhomo potulukira alendo, ine nditanyamula majekete, a Manase atavala malaya a kutchalitchi. Maso athu anali pansi, m'mawondo mwa anthu, kufunafuna tianyamata tiwiri togwiridwa dzanja ndi mtsikana wa m'ndege. Anthu anatuluka, anatha. Kutsogolo kwathu kunaima chimnyamata chachitali ngati chitseko, chitavala nsalu m'chiuno ndi patapata m'chisanu chonsecho, chikutitchinga.

"Pepani achimwene, tasunthani pang'ono, tikudikira ana," anatero a Manase.

"Amalume?"

Tinakweza maso. Nkhopeyo inali ya alamu anga yeniyeni, kungoti ya ndevu. Paphewa pake panagona kamtsikana kakang'ono, tsitsi lili nyankhalala, chala chili m'kamwa.

"Ndine Tupou, amalume. Amayi sanakuuzeni?"

"Mapasa ali kuti?" anafunsa a Manase, akusuzumira kumbuyo kwake.

"Mapasa? Ali kumudzi. Amayenera kubwera?"

"Achemwali anati ana awiri."

"Eya," anatero Tupou. Anadziloza pachifuwa, kenako analoza kamtsikana kaja. "Awiri."

Ndinayang'ana majekete ndinanyamula aja. Imodzi sikanalowa ngakhale mkono wake, inayo ikanamufika mwanayo kumapazi. Ndinamufunditsa yomweyo.

Kumalo oimika magalimoto a Manase anatsegula chitseko monyadira ndithu, ngakhale zinthu zinali zitatembenuka. Tupou anamukhazika mwanayo pampando wokweza uja ali m'tulo. Lamba watsopano anamudutsa pamphuno. Timiyendo take sitinafike n'komwe m'mphepete mwa mpando. Atangomusiya anatsetsereka n'kutulukira pansi pa lamba ngati kansomba.

"Ali ndi zaka zingati?" ndinafunsa.

"Ziwiri ndi theka, azakhali. Koma musavutike, ndimunyamula pamiyendo. Kwathu timatero, ngakhale kumbuyo kwa lole."

"Ndi zoona," anatero a Manase. "Taona manja akewo. Angamutaye ameneyu? Ndiyendetsa pang'onopang'ono."

"Ayi."

Onse awiri ananditembenukira. Nanenso ndinadabwa, chifukwa mawuwo anatuluka mokweza moti bambo wina amene ankakweza masutikesi pafupi anasiya n'kutiyang'ana.

"Suli, ulendo ndi wautali, tikachedwa..."

"A Manase, anyezi aja munawatola nokha. Mwana uyu sakwera."

Ndinaimbira mayi Raelene. Anayankha ali pakati pa chiphokoso, kumpira wa mdzukulu wawo.

"Mapasa afika? Thamanga, Jayden, thamanga! Osati inu, mayi. Mwati zingati? Ziwiri ndi theka? Nanga winayo?"

"Makumi awiri ndi zinayi."

Mayi Raelene anaseka mpaka kutsokomola.

"Chabwino. Wamkuluyo chotsanipo mpando, akhale ndi lamba yekha, ngati amukwane. Wamng'onoyo asakwere. Munthu amene amandigulitsa zitsulo zopingasa zija ali ku Sunbury, pafupi ndi komweko, Loweruka amatseka masana. Ndimuimbira akudikireni. Akuikirani chitsulo, mbedza ndi mpando woyenera."

"Ndiye tipite naye mwanayu kumeneko?"

"Pa chiyani? Ndati asakwere!"

"Nanga mpandowo tikautenga bwanji?"

"Mayi, minibasi ipite, mwana atsale. Iwe woimbira mpira, ulibe maso?"

Zinatitengera nthawi kuti timvane. A Manase sadziwa kutsatira mapu a pafoni, ndiye sakanapita okha. Ine sindiyendetsa mumzinda. Tupou foni amaitha, koma Melbourne anali atamuona kwa ola limodzi. Mapeto ake amuna awiriwo anapita, ine ndinabwerera mkati mwa bwalo ndi mwana wogona amene ndinali ndisanamuonepo ali maso.

Ndinakhala pabenchi pafupi ndi pogulitsira khofi. Anali wopepuka, wofunda, akununkhira mafuta a kokonati a kwathu. Ndinkaopa ngakhale kupuma mwamphamvu. Ndinayamba kumuyang'ana makutu, zikhadabo, kachipsera pachibwano, ndikudzifunsa kuti amayi ake ali kuti, ndipo chifukwa chiyani palibe anatiuzapo kuti Tupou ali ndi mwana.

Kenako anatsegula maso. Anandiyang'ana, anayang'ana denga lalitali lija, anafunafuna bambo ake. Kukuwa kumene anakuwa sindidzakuiwala. Anadzipinda chagada, anandimenya ndi mutu pamlomo, jekete inagwa. Ndinaimirira, ndinamuyendetsa, ndinamuimbira nyimbo ya Sande sukulu, zonse zinangowonjezera moto. Anthu ankatidutsa akucheuka. Posakhalitsa panafika mayi wina wa yunifomu, wa chitetezo cha pabwalopo, wailesi ili paphewa.

"Zili bwino, mayi? Mwanayu ndi wanu?"

"Inde. Ayi. Ndi wa alamu anga. Ndiye kuti wa mwana wawo."

"Bambo ake kapena mayi ake ali kuti?"

"Bambo ake apita kukagula mpando."

"Mpando." Anandiyang'ana mlomo wotupa uja. "Dzina lake ndani mwanayu?"

M'chipwirikiti chonse chija palibe anatchula dzina, ndipo ine sindinafunse. Mapasipoti anali m'chikwama cha Tupou, chikwamacho chili m'minibasi. Mayi uja anayamba kulankhula motsitsa pawailesi yake.

Ndinapisa m'chikwama changa kufuna foni, m'malo mwake ndinagwira pepala la mandasi amene ndinakazingira mapasa. Mwanayo atangoona, kulira kunaduka pakati. Anatsomphola limodzi, analiyang'ana mbali zonse, n'kuluma, misozi ikutsikirabe.

Ndinamufunsa m'chilankhulo chathu, "Mwanawe, dzina lako ndani?"

"Suli," anatero, m'kamwa muli todzaza.

"Eya, Suli ndine. Nanga iweyo?"

"Suli!"

"Akuti chiyani?" anafunsa wachitetezo uja.

"Akutchula dzina langa. Sindikudziwa walidziwa bwanji."

"Inu dzina lanu ndani?"

"Suli. Sulieti."

Mayiyo anagwada n'kumuloza mwanayo pachifuwa. "Iwe ndani?"

"Suli!" anakalipa mwanayo, atatopa nafe, n'kubisa mandasi ake kukhwapa.

Wachitetezo anatiyang'ana tonse awiri ngati tapangana kumuseweretsa. Ndinapeza foni, ndinaimbira a Manase, ndinawauza kuti apereke kwa Tupou, n'kuika pokweza kuti mayiyo amve. Kumbuyo kunkamveka chitsulo chikuboola.

"Tupou, mwanayu dzina lake ndani?"

"Sulieti, azakhali. Amayi ndi amene anamutcha atangobadwa. Kodi sanakuuzeni zimenezonso?"

Sindikumbuka zimene wachitetezo analankhula ndi Tupou pambuyo pake. Ndikungokumbuka kuti ndinakhala pabenchi paja, ndipo mwanayo, amene tsopano anali ndi mandasi m'manja monse muwiri, anadzakhala pambali panga, osandikhudza, koma pafupi. Mayi uja pochoka anatibweretsera kapu ya madzi ndi kapepala kopukutira mlomo wanga.

Amuna aja anabwera dzuwa litapendeka. Kumbuyo kwa mpando kunali chitsulo chatsopano chopingasa, ndipo pamalo pa mpando wokweza umodzi panali wina wakuya, wofiira, wa malamba akeake. A Manase anafotokoza zonse ngati anapanga okha. Mwana analowa bwinobwino, Tupou anamumanga monga anamuonetsera kumeneko, kachitsulo ka pamimba kanalira kuti kha. Iye mwini anakhala pambali pake, lamba wa mayi Raelene atatambasuka mpaka kumapeto, akumudina pachifuwa ngati chingwe cha katundu. Mipando iwiri ya mapasa inakwera kumbuyo pamodzi ndi masutikesi.

Titatuluka mumzinda ndinatembenuka.

"Tupou, amayi ake a mwanayu ali kuti?"

"Anapita ku Auckland kukagwira ntchito mwanayu ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Anakwatiwa konko." Ankayang'ana pawindo. "Timamulera ndi amayi. Koma amayi miyendo yayamba kuwavuta."

"Ndiye anati chiyani pokutumizani? Mwabwera kudzakhala? Kapena iwe udzabwerera, mwana n'kutsala? Kapena bwanji?"

"Anangoti longeza, ukupita kwa amalume ako, umutenge Suli. Ine ndimayesa inu ndi amene mukudziwa."

"Sunawafunse?"

"Amayi?" Anandiyang'ana ngati ndamufunsa ngati anayamba wakwerapo mwezi.

"Waona?" anatero a Manase, maso ali pamsewu. "Si ine ndekha."

Titangodutsa Bendigo mandasi onse aja anabwerera, pampando watsopano, pajekete, ndi pamwendo wa bambo ake. Tinaima m'mbali mwa msewu, mphepo yozizira ikuwomba kuchokera m'minda ya tirigu. Sitinamutulutse, tinangomupukuta ali momwemo ndi malaya amkati a a Manase, iwo akudandaula kuti mpando sunathe ngakhale tsiku. Kuchokera pamenepo ndinasinthana malo ndi Tupou. Ndinakhala kumbuyo, dzanja langa lili pakamwendo kake, mpaka anagonanso.

Tinafika ku Robinvale kukuda. Pakhonde pathu magetsi anali oyaka, Meleane ndi amayi a m'kwaya atadzaza ndi miphika, wina atanyamula timagalimoto tiwiri tapulasitiki. Chitseko chakutsogolo chitatseguka, Tupou anatsika, minibasi n'kunyamuka pang'ono mbali imeneyo. Amayi onse anakweza makosi.

"Mapasa aja ndi amenewa?" anafunsa Meleane. "Kodi ameneyu wadya mnzake?"

Ine ndinalibe mphamvu zofotokozera. Ndinkalimbana ndi kachitsulo ka pamimba pa mwana. Ndinadina, sikanatseguke. Ndinakoka, malamba anangolimba. Tupou anabwera, koma chala chake chinali chachikulu moti chinkadina zonse nthawi imodzi. Anati ku Sunbury kuja anangomuonetsa kumanga. A Manase anati iwo nthawi imeneyo n'kuti akuyang'ana chitsulo. Meleane anakankha onse, anati iye walera ana asanu, anayesa, n'kunena kuti mipando ya masiku ano ndi ina. Wina anawalitsa tochi ya pafoni, wina anati muimbireni mzungu wa ku Mildura uja, koma foni yake inali yozima. A Manase analowa m'nyumba n'kutuluka ndi sizasi yodulira mphesa.

Ndinawamenya padzanja pamaso pa anthu onse. Sindinayambe ndachitapo zimenezo.

Mapeto ake Tupou anakwawira kumbuyo, anakolola mbedza, anamasula lamba wa galimoto, n'kunyamula mpando wonse mwana ali momwemo. Anakwera nawo masitepe pang'onopang'ono, amayi a m'kwaya akupatuka, wina atatsogola kukatsegula chitseko. Tinauika pakati pa khitchini, pamkeka, titautsamiritsa ku firiji. Abusa atafika anapempherera alendo ali chiimire mozungulira mpandowo, ndipo tinadya momwemo, mbale zili pamiyendo, tikulankhula monong'ona.

Mayi Raelene anaimba anthu atayamba kubalalika. Anati kabatani kofiira ka pa kachitsuloko kamafuna zala zazikulu ziwiri, ndipo udine pakati mwamphamvu ngati ukuswa mtedza. Ndinagwada, ndinadina, kanatseguka. Mwanayo sanadzuke n'komwe. Ndinamunyamula kupita naye kuchipinda chija, kumene bambo ake anali atagona kale pa kabedi ka mwana wa zaka zisanu, miyendo ili pansi.

Tupou anayamba ntchito m'minda ya mtedza wa amondi mwezi womwewo. Suli wamng'ono amapita nane kulikonse, ndipo anzathu a kumunda anazolowera kuti mpando wa pawindo uli ndi mwini wake. Alamu amaimba Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Amafunsa ngati mwana akudya, ngati Tupou akupemphera, amauza a Manase zoti atumize. Za nthawi imene awiriwa adzakhale kuno sanatchulepo. Kusukulu ya mkaka atandifunsa kuti ndine ndani wake, ndinaima nthawi yaitali moti mphunzitsiyo anangoti ndikaganize kunyumba, ndidzamuuze mawa.